Chisanu chikawaula mbewu m'Epulo ndi m'Meyi: zochita kwa ife olima ku Britain

Chaka ndi chaka, kuyambira m'Epulo mpaka kumapeto kwa Meyi, anthu akwathu amene ali ndi kamunda kuseri kwa nyumba kapena ku allotment (timinda tobwereka tolimapo ndiwo zamasamba) kuno ku Britain amataya mbewu usiku umodzi wokha. Madzulo chimanga chili chobiriwira, maungu ayamba kutambasula masamba, mbatatesi zatuluka bwino m'mizere. Kukacha zonse zagona pansi, zada bii, ngati wina wazithira madzi otentha. Mtengo wa mapulamu umene unayera mbee ndi maluwa umafika Julaye ulibe chipatso n'chimodzi chomwe, mwini wake n'kumaganiza kuti mtengowo ndi wosabereka.

Nkhwani sipezeka mwachisawawa kuno, ndipo mbewu ya maungu kapena ya chimanga choyera nthawi zambiri imakhala yochita kugawiridwa ndi mnzako, yowerengeka m'manja. N'chifukwa chake zimandiwawa kuona kuti zambiri zimene zimatayika zikanapulumuka. Zina zinangofunika kufunditsidwa dzuwa lisanalowe. Zina zinali zamoyo ndithu m'mawa muja, koma mwini wake anazizula ndi mtima wapachala.

Chimene chimatipusitsa

Kwathu kutentha kukabwera, kwabwera. Tikadutsa Julaye, Ogasiti amayamba kufunda, Sepitembala amatentha, Okutobala ndiye osanena, ndipo palibe amene amaopa kuti chisanu chibwereranso. Tinazolowera kuti dzuwa likawala sabata yathunthu ndiye kuti nyengo yasintha. Kuno masana a m'Epulo akhoza kufika madigiri 18 kapena 20, usiku wake womwewo n'kutsika pansi pa ziro.

Chaka cha 2021 chinaonetsa zimenezi poyera. Pa 30 Malichi ku Kew Gardens mu London kunatentha mpaka 24.5°C. Mitengo inadzuka, anthu anathamangira kukabzala. Epulo wotsatirayo, malinga ndi a Met Office, bungwe loona za nyengo kuno, anali ndi chisanu chochuluka kuposa Epulo wina aliyense m'zaka 60: masiku 13 a chisanu poyerekeza dziko lonse. Ku France, sabata yoyamba ya mwezi womwewo, alimi a mphesa a ku Burgundy ndi madera ena ankachezera m'minda kuyatsa makandulo akuluakulu pakati pa mizere, komabe zokolola zambiri zinapita. Vutoli si la dzulo. M'mayiko ambiri a ku Ulaya masiku a 11 mpaka 13 Meyi, amene Akatolika amakumbukira oyera Mamertus, Pancras ndi Servatius, akhala akudziwika kuyambira kale ngati masiku oyenera kuwadutsa kaye munthu asanatulutse mbewu zanthete.

Masitolo nawo sathandiza. Mbande za tomato ndi za maungu zimayamba kuoneka pamashelefu m'Epulo. Zakulira m'malo ofunda, ndipo kugulitsidwa kwake sikutanthauza kuti nthawi yowokera panja yakwana.

Mwina mukudabwa kuti mtengo womwe unapirira Januwale yense ukugonja bwanji ndi kachisanu ka usiku umodzi. M'Januwale mtengo wa maapozi umakhala uli m'tulo. Maso ake ndi otsekeka, ali ndi madzi ochepa, ndipo ngakhale -15°C sawachita kanthu. Ukadzuka, mphukira ndi maluwa zimadzaza madzi. Madziwo akaundana amayamwa chinyezi cha m'maselo ndi kuwang'amba, ndiye mbali imeneyo yafa. Apa -2°C yokha ndi yokwanira kuyamba kuwononga.

Choyamba tsimikizani kuti ndi chisanu

Chisanu chimagwira usiku umodzi, ndipo sichisankha mtundu umodzi wa mbewu. Mukapeza mbatatesi, nyemba ndi maungu zonse zalefuka m'mawa umodzi, nsonga ndi masamba apamwamba ndiwo apsa kwambiri, za kumunsi kwa munda zapsa kuposa za kumtunda, koma za pafupi ndi khoma zili bwinobwino, musakayike. M'mawa masamba amaoneka onyowa ndi obiriwira moderako, pofika madzulo kapena mawa lake ada kapena auma.

Pali zina zimene anthu amanamizira chisanu. Mbande zimene mwangozitulutsa m'nyumba zikachita mawanga oyera owuma pamasamba, ndi dzuwa ndi mphepo zimene sizinazizolowere. Masamba atsopano adzatuluka abwino. Chimanga kapena tomato akachita masamba ofiirira, ndi dothi lozizira limene likulepheretsa mizu kukoka chakudya, ndipo zimatha zokha kukafunda, osathira feteleza wina. Mbande zikangosowa kapena kudulidwa patsinde, pali tinjira tonyezimira padothi, ndi nkhono zija zopanda chigoba. Masamba a mapichesi akatupa, kupotoka ndi kufiira, ndi matenda a peach leaf curl amene amabwera ndi mvula ya nthawi yophukira. Masamba a tomato, nyemba kapena mbatatesi akamapiringizika koma ali obiriwira, ganizirani za mankhwala opha udzu, kaya ouluzika kuchokera kwa mnzanu kaya otsalira m'manyowa a mahatchi amene munathira.

Chiwawu cha mbatatesi ndi tomato chimafanana ndi kupsa kwa chisanu, koma nthawi yake ndi ina. Chimakonda kubwera kuyambira Julaye kukakhala kofunda ndi konyowa, chimayamba ndi mawanga, ndipo chimafalikira tsiku ndi tsiku. Mbatatesi zoda m'mawa wa m'Meyi kumwamba kutagona nyenyezi si chiwawu, choncho musawononge ndalama ndi mankhwala opopera.

Zapsa kale: ziti mudikire, ziti mufesenso

Apa ndi pamene pamatayika zambiri, chifukwa mbewu zonse zimaoneka zakufa mofanana, pomwe zina zangotaya masamba. Funso ndi limodzi pa mbewu iliyonse: kodi pamene imakulira, pamene pamachokera masamba atsopano, pali pamwamba pa dothi kapena pansi?

Chimanga chisanakwanitse masamba asanu ndi limodzi, pokulira pake pamakhala pansi pa dothi. Masamba onse akhoza kupsa n'kugona, chimangacho chili moyo. Chisiyeni masiku atatu mpaka asanu, ngakhale sabata ngati kukuzizirabe, kenaka suzumirani pamtima paja timathira mankhwala a kapuchi kwathu. Mukaona katsamba kobiriwira kakutuluka, chapulumuka. Ngati mtima sukukupatsani kudikira, zulani phesi limodzi lokha, muling'ambe pakati kuchokera kumizu. Mkati mukakhala moyera ndi molimba, mzere wonsewo usiyeni. Mukakhala mofiirira, mofewa, mwina monunkha, chimenecho chapita. Chimanga chowokera kuchokera m'timiphika chimene munachibzala mosazamitsa, komanso chimene chakula kupitirira masamba asanu ndi limodzi, ndicho chimafa msanga, chifukwa pokulira pake pali poyera. Masamba akufa musavutike kuwadula ndi sizasi. Tsamba latsopano limadziboolera lokha.

Mbatatesi nazo n'zolimba mtima. Nsonga zikada, mbewu yake pansi paja imatulutsa mphukira zina pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Mudzakumba mochedwerako, basi. Chimene chimachepetsa zokolola ndi kupsa kobwerezabwereza, chifukwa kuphukanso kulikonse kumadya chakudya cha m'mbewu. Mphukira zatsopano zikangotuluka, zibandireni mpaka zikwiririke zonse ngati chisanu china chikubwera. Dothi silizipha, zimatulukanso pamwamba.

Maungu, nkhaka, therere, bonongwe ndi mbatata ya kholowa n'zina. Pokulira pake pali pamtunda, ndipo ngakhale kuzizira kosafika pa ziro kumazifooketsa. Gwirani nsonga ya dzungu ndi tsinde lake. Zikakhala zobiriwira ndi zolimba, masamba akuluakulu okha ndiwo apsa, lisiyeni. Nsonga ikada, tsinde n'kufewa mpaka pansi, apa musadikire: fesani zina tsiku lomwelo. Dzungu lopulumuka movutikira limakhala masabata ambiri lili chikhalire osakula, ndipo kawirikawiri lofesedwa pambuyo pake m'dothi lofunda limalipitirira. Pa mbewu zimenezi ine ndimati fesani zina ngakhale zakalezo zikuoneka ngati zichira, kenaka mudzasankhe zamphamvu.

Nyemba zimatengera mtundu. Nyemba wamba, zija timathyola khwanya, zimatukula mbewu yake pamwamba pa dothi pomera, choncho zikapsa mpaka kunsi kwa timasamba tiwiri toyamba, zatha. Zikapsa kumtunda kokha, zimaphukira m'mphanda. Zoyanga zija za maluwa ofiira, zimene kuno amati runner beans, zimasiya mbewu yake pansi, ndipo nthawi zina zimaphukanso kuchokera m'dothi ngakhale pamwamba patapsa ponse. Zipatseni sabata.

Tomato akapsa kunsonga koma tsinde lili lobiriwira, yang'anani timphukira ta m'mphanda tija timachotsa nthawi zonse. Siyani kamodzi kamphamvu, ndiko kakhale mutu watsopano. Ngati wafa yense, pemphani mphukira zotere kwa mnzanu amene ali ndi greenhouse (kanyumba ka galasi kapena pulasitiki kokuliramo mbewu), muziike m'botolo la madzi pawindo. Zimachita mizu pasanathe masabata awiri, ndipo n'zachangu kuposa kufesa njere m'Meyi.

Repu, mpiru, kabichi, anyezi, adyo ndi nsawawa musade nazo nkhawa. Zimalefuka m'mawa, pofika masana zadzuka. Vuto lake ndi lina: mpiru ndi tchayinizi zikazizidwa zili zazing'ono, masiku n'kumatalika, zimathamangira kuchita maluwa. Zofesa Juni atatha ndizo zimapereka masamba ambiri.

Pa masitiroberi yang'anani pakati pa duwa. Pachikasu ndi pabwino, pakuda palibe chipatso. Maluwa akudawo thotholani, ena akubwera.

Mitengo ya zipatso

Maluwa a mtengo amanamiza maso. Kunja akhoza kukhala oyera, okongola, njuchi zikuterapo, koma kamtima kake, kamene kamasanduka chipatso, katafa kale. Dikirani mpaka masana kuti kupsako kuonekere, kenaka thyolani maluwa khumi kapena makumi awiri, ena a m'munsi ena a m'mwamba, muwang'ambe pakati ndi lezala. Mkati mobiriwira ndi moyo. Mofiirira kapena mwakuda ndi imfa. Tizipatso tongoyamba kumene mutiyeze chimodzimodzi: njere zake zikada, tidzayoyoka.

Mukapeza theka la maluwawo litafa, musataye mtima. Mtengo wa maapozi umachita maluwa ochuluka kwambiri kuposa zipatso zimene ungathe kusenza, ndipo duwa limodzi pa khumi alionse likagwira, mudzakolola mokwanira. Pamtengo umene wamasula maluwa onse, theka la ola pa -2°C limapha pafupifupi duwa limodzi pa khumi, pomwe -4°C amapha asanu ndi anayi pa khumi. Onani kuchepa kwa mpata umenewo: madigiri awiri okha ndiwo amalekanitsa chaka cha zipatso ndi chaka chopanda kanthu, ndipo madigiri awiriwo ndi amene nsalu yofunditsa ingakupatseni. Maluwa osamasula amapirira kuposa omasula. Nthambi za m'mwamba zimapulumuka kawirikawiri chifukwa mpweya wozizira kwambiri umakhala pansi, n'chifukwa chake zaka zina mumaona zipatso kunsonga kokha.

Nthawi yomasulira maluwa ndiyo imanena mtengo umene uli pangozi. Ma apricot ndi mapichesi amayamba, mwina kumapeto kwa Febuluwale kapena m'Malichi. Mapulamu amatsatira, kenaka matcheri ndi ma pear, aja a kuno osati mapeyala a kwathu, ndipo maapozi amatsiriza kumapeto kwa Epulo mpaka m'Meyi. Mpulamu wosabereka zaka ziwiri zotsatizana nthawi zambiri ulibe matenda alionse. Maluwa ake amangokumana ndi chisanu, kapena kumazizira moti njuchi sizituluka.

Apozi kapena pear akakula ali ndi lamba wokhakhala womuzungulira, ndi chipsera cha chisanu chimene chinamugwira ali wamng'ono. Amadyeka bwinobwino. Ndipo tizipatso tikamayoyoka m'Juni, musathamangire kunena chisanu. Mtengo umadzipatulira wokha nthawi imeneyo chaka chilichonse.

Nthambi zopsa musazidule msanga. Zimatchinjiriza za m'kati mwake ngati chisanu china chingabwere, komanso simungadziwe pamene imfa yalekezera mpaka mtengo utaphukanso. Palani khungwa pang'ono ndi chikhadabo: kunsi kukakhala kobiriwira ndi konyowa, nthambi ili moyo. Pofika pakati pa Juni mudzaona poyambira mphukira zatsopano, ndiye dulani pamwamba pake pang'ono. Mapulamu ndi matcheri makamaka azithenedwa m'chilimwe kukakhala kouma, chifukwa bala la nthawi yozizira limalowetsa matenda a silver leaf amene amapha nthambi zikuluzikulu. Mphesa zikapsa mphukira zoyamba, m'diso lomwelo mumatuluka zachiwiri, zobereka pang'ono koma zobereka ndithu. Mkuyu umachedwa kuphukanso, musauweruze Juni asanathe. Pa mtengo womezanitsa, mphukira zochokera pansi pa mfundo imene anamezanitsira zichotseni, chifukwa si za mtundu umene munagula.

Palinso mtima wofuna kupepesa mtengo ndi feteleza wambiri. Lekani. Mtengo wopanda zipatso uli kale ndi mphamvu zotsala, ndipo mukauwonjezera nayitirojeni ungochita masamba ndi nthambi zanthete zokopa nsabwe. Uthirireni madzi kukauma, basi. Chaka chotsatira udzabereka mopyola muyeso. Pamenepo patulirani zipatso m'Juni kapena kumayambiriro kwa Julaye, apo ayi udzazolowera kubereka chaka chimodzi n'kupuma chinzake.

Kudziwa usiku woopsa

Chisanu cha nthawi ino sichibwera mwadzidzidzi. Masana dothi limamwa kutentha kwa dzuwa, usiku limakutulutsa. Kukakhala mitambo, kutenthako kumabwezedwa pansi. Kukakhala mphepo, mpweya wofunda wa m'mwamba umasakanikirana ndi wozizira wa pansi. Koma kumwamba kukayera, mphepo n'kuleka, mpweya uli wouma, kutentha kumangopita osabwerera, ndipo kumazizira kwambiri mbandakucha. Mukaona masana kukuomba kamphepo kozizira kochokera kumpoto, madzulo n'kungoti zii, mitambo yabalalika, pitani kumunda.

Anthu ambiri amadandaula kuti pafoni panalembedwa madigiri 3, nanga chisanu chachokera kuti. Zoyezera za a zanyengo zimakhala pa mita 1.25 kuchokera pansi, m'kabokosi kotchingidwa. Pa udzu ndi pamasamba a mbande kumazizira kuposa pamenepo ndi madigiri atatu kapena anayi, nthawi zina kupitirira. Komanso nambala ya pafoni kawirikawiri ndi ya m'tauni, momwe nyumba ndi misewu zimasunga kutentha, pomwe ma allotment ambiri ali kunja, pamtetete kapena m'mbali mwa mtsinje. Choncho mukaona 4°C kapena kutsika apo, kumwamba koyera, kopanda mphepo, funditsani. Themomita yosunga nambala yotsikitsitsa ya usiku ndi yotchipa. Iikeni pamsinkhu wa mbewu zanu, ndipo pakatha masabata angapo mudzadziwa kusiyana kwa munda wanu ndi zimene foni imanena.

Kufunditsa, ndi zimene zimalakwika pofunditsa

Chofunditsa sichipanga kutentha. Ntchito yake ndi kutsekera kutentha kumene kukuchoka m'dothi kuti kukhale pa mbewu. Mukagwira mfundo imeneyi, zolakwika zambiri zimadziwika zokha.

Nsalu ifike pansi mbali zonse, muipsinje ndi njerwa kapena dothi. Kukulunga mutu wa kamtengo n'kumanga pathunthu, pansi pali pululu, n'kungotaya nthawi, chifukwa mwasiya kunja dothi limene likanaufunditsa. Funditsani dzuwa lisanalowe dothi likadali lofunda. Nsalu yoyera ya fleece ya m'masitolo imabwera yopyapyala ya magalamu 17 ndi yochindikala ya magalamu 30 pa sikweya mita. Imawonjezera pafupifupi madigiri awiri, ndipo usiku woopsa ipindeni pawiri. Makatani akale, nsalu za pabedi, zitenje zotha, makatoni, nyuzipepala, ndowa yovundikira dzungu limodzi, zonsezi zimagwira ntchito. Zolemera muzikhazike pa timitengo kuti zisathyole nsonga kapena kuyoyola maluwa.

Pulasitiki ndiye amapweteka anthu ambiri. Paliponse pamene wakhudza tsamba, tsambalo limapsa. Ngati mulibe china, mumutukule ndi timitengo kapena muyale nsalu kunsi kwake, ndipo mumuchotse m'mawa dzuwa lisanaphike mbewu. Greenhouse ya pulasitiki kapena ya galasi yopanda chotenthetsera nayo musaidalire kwambiri. Mbandakucha mkati mwake mumafunda pang'ono chabe kuposa panja, choncho mbande za m'menemo zifunditseninso, kapena zigone m'nyumba.

Dothi lonyowa, lolimba ndi lopanda zinyalala limasunga kutentha kuposa louma ndi lofukulidwa. Thirirani m'mawa kapena masana a tsiku limene mukuyembekezera chisanu, padothi osati pamasamba. Musapalire kapena kugaula tsiku limenelo. Udzu wophimbira, umene ndi wabwino kwambiri m'chilimwe, nthawi ino umatsekera kutentha pansi n'kusiya mbewu pamwamba zikuzizidwa. Pa masitiroberi ndi pansi pa timitengo ukankhireni pambali mpaka chisanu chitatha, ndipo kapinga wa pansi pa mitengo mumetedwe wamfupi. Mabotolo odzaza madzi oikidwa pakati pa mbande, kunsi kwa nsalu, amathandizako pang'ono.

Ena amakhulupirira utsi. Utsi sutchinga kutentha kumene dothi likutaya. Chimene chimathandiza m'minda ya mphesa ija ndi moto weniweni wa makandulo mazanamazana pa hekitala imodzi, woyaka usiku wonse. Kamoto kamodzi pakona ya munda kamangokwiyitsa anansi, ndipo malamulo a ma allotment ambiri amaletsa. Mbaula ya makala m'greenhouse kapena m'kashedi ndiye musayerekeze n'komwe. Mpweya wake sununkha, ndipo umapha munthu amene walowamo.

Mwina munaonapo zithunzi za mitengo yokutidwa ndi ayezi m'minda ikuluikulu. Alimiwo amawaza madzi osalekeza, chifukwa madzi akamaundana amatulutsa kutentha kumene kumasunga duwa pafupi ndi ziro. Koma madziwo ayenera kuwazidwa usiku wonse mpaka ayezi atayamba kusungunuka yekha. Kupopera ndi paipi mphindi khumi n'kukagona kumasiya maluwa onyowa pamphepo, ndipo amapsa kuposa akanasiyidwa ouma.

M'mawa musagwire masamba ali chiundanire, ndipo musafulumire kuvundukula. Mbewu zimene dzuwa la m'mawa limaziwomba zisanasungunuke zimakonda kupsa kwambiri, choncho nsalu ikhale mpaka chisanu cha pa udzu chitachoka. Kenaka vundukulani ndithu, makamaka mitengo ndi masitiroberi. Duwa limene mwalipulumutsa usiku koma njuchi osalifikira masana silibereka.

Mtengo waukulu sungafunditsidwe, ndipo palibe chifukwa chokwerera makwerero mumdima. Funditsani nthambi zingapo za m'munsi zimene mungafikire, poti ndizo zili pangozi kwambiri, zotsalazo zisiyeni.

Pamene pamapsa chaka chilichonse

Ngati ndi pakona yomweyomweyo chaka ndi chaka, vuto ndi malowo. Amene analimapo dimba ku Dedza, ku Ntcheu kapena kumapiri a Viphya akudziwa kuti m'Juni ndi m'Julaye tomato wa kudambo amapsa, wa pamtunda pang'ono osakhudzidwa. Mpweya wozizira ndi wolemera, umatsetsereka n'kukadikha potsika. Kuno n'chimodzimodzi, ngakhale m'kamunda kakang'ono. Mpanda wamatabwa kapena wa mitengo yothithikana kumunsi kwa munda umauimitsa, n'kudzaza kumbuyo kwake. Tsegulani mpata kunsi kwa mpandawo kuti uzidutsa. M'mawa wa chisanu yendani m'munda muone pamene pachedwa kusungunuka. Pamenepo pabzaleni repu, kabichi ndi anyezi. Maungu, chimanga ndi nyemba zipite kumtunda, kapena pafupi ndi khoma loyang'ana kummwera, limene limamwa dzuwa masana onse. Kumbukirani kuti kuno dzuwa limadzera kummwera, osati kumpoto.

Mukamasankha allotment, kapena akakupatsani mwayi wosintha, funsani achikulire a pamenepo kuti ndi mbali iti imene mbatatesi zimada. Amadziwa, ndipo amakonda kufunsidwa.

Pobzala mtengo pamalo a chisanu, sankhani wochedwa kumasula maluwa. Maapozi a Court Pendu Plat, Edward VII ndi Crawley Beauty amadziwika ndi kuchedwa kumeneku. Pichesi kapena apricot mumuyanzike pakhoma lofunda, pomwe nsalu ingalendewere kutsogolo kwake, kapena akhale mumphika woti n'kusuntha. Mtengo waufupi umafunditsika mosavuta, koma maluwa ake ali pansi pomwe pamazizira kwambiri, choncho wosankha waufupi akhale wokonzeka kuufunditsa.

Tsiku lowokera

Ku London ndi kugombe la kummwera chisanu chimakonda kutha pofika pakati pa Meyi. Ku Midlands, monga ku Leicester, Nottingham ndi Birmingham, ndi bwino kudikira kumapeto kwa Meyi. Kumpoto kwa England ndi ku Scotland, sabata yoyamba ya Juni, ndipo m'zigwa ngakhale kupitirira. Abale a ku Johannesburg ndi ku Free State angotembenuza miyezi: kwawo chisanu chotsalira chimagwira m'Sepitembala, zaka zina mpaka m'Okutobala, mapichesi atamasula kale.

Ndikudziwa chimene chimatithamangitsa. Chimanga choyera chimafuna miyezi yambiri, ndipo chilimwe cha kuno n'chachifupi. Koma chimanga sichimera bwino dothi lisanafike 10°C, ndipo chobzalidwa m'dothi lozizira chimangowola kapena kukhala chachikasu osakula. Njira yopezera masabata owonjezera ndi kufesa m'nyumba, m'timiphika takuya, masabata atatu kapena anayi lisanafike tsiku lowokera. Mukafesa m'Malichi, mbande zimatalika pawindo, kuwonda ndi kupiringiza mizu, n'kukukakamizani kuzitulutsa nthawi isanakwane.

Musanawokere, zizolowezeni panja kwa masabata awiri kapena atatu: masana pamalo opanda mphepo, usiku m'nyumba, kenaka masiku otsiriza zigone panja zofunditsidwa. Izi zimalimbitsa masamba pa dzuwa ndi mphepo, koma sizisandutsa dzungu kukhala lopirira chisanu, choncho nsalu ikhale pafupi mpaka Juni atalowa.

Mbewu yovuta kupeza musaifese yonse tsiku limodzi. Gawani pawiri, theka lina mulifese patatha masabata awiri kapena atatu, ndipo mbande zingapo zitsale m'nyumba zopakizira. Ngati zonse zapita ndipo kalendala ikuti Juni wayamba, chimanga choyera chidzavutika kukhwima, koma chimanga chotsekemera chofulumira mukhoza kudya chachiwisi m'Sepitembala, nyemba zikadali ndi nthawi yokwanira, ndipo maungu ofesedwa m'munda momwemo sabata yoyamba ya Juni amayamba kupereka nkhwani m'Julaye.